Sukulu Iliyonse Ikhale ndi Kalabu ya Nyenyezi

Madzulo ena ku Chawama malaiti amapita. Wailesi yakanema imazima. Ana amadandaula kuti, "Manje tizacita ciani?" Koma mwana akatuluka pakhomo n'kuyang'ana kumwamba, amaona nyenyezi zambirimbiri. Zimaoneka bwino cifukwa mababu azima.

Ana ambiri a m'komboni amadziwa maina a osewera mpira, koma sadziwa dzina la nyenyezi ngakhale imodzi. Izi ziyenera kusintha. Sukulu iliyonse ku Kanyama, Matero, Kalingalinga, Mtendere ndi George ifunika kukhala ndi kalabu ya nyenyezi.

Cifukwa coyamba n'cakuti kuyang'ana kumwamba salipiritsa. Mwana afunika cabe maso, buku lolembamo ndi pensulo. Angayambe ndi mwezi. Madzulo alionse aujambule mmene ukuonekera. Poyamba umakhala woonda ngati cikwakwa. Kenaka umakula mpaka kukhala wozungulira ngati mbale. Ukatero umayamba kucepa. Pakapita masiku pafupifupi 30, umaonekanso ngati cikwakwa cija. Mwana amene waona zimenezi yekha wayamba sayansi.

Cifukwa caciwiri n'cakuti kudziwa kumacotsa mantha. Pa 21 Juni 2001, mu Lusaka munagwa mdima masana. Mdimawo unatenga mphindi zitatu. Alendo anabwera kucokera kumaiko akutali kudzaona. Makolo ambiri akali kukumbukira tsikulo. Munthu wosadziwa angaganize kuti dziko likutha. Koma mwezi ndiwo unadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko lapansi, ndipo unaphimba dzuwa. Uyu ndiye kadamsana. Ku kalabu ana amaphunziranso lamulo lalikulu: osayang'anitsitsa dzuwa, ngakhale pa kadamsana. Dzuwa limaononga maso.

Cifukwa cacitatu n'cakuti kumwamba kuli maina a ku Zambia. Mu 2019, bungwe la akatswiri a nyenyezi linapempha maiko kuti apereke maina. Zambia inacha nyenyezi ina kuti Natasha. M'Cibemba dzinali litanthauza "zikomo". Pulaneti imene imazungulira nyenyeziyo anaicha Madalitso. Ili ndi dzina la Cinyanja! Natasha ili kutali kwambiri, ndipo imaoneka ndi telesikopu cabe. Kodi si zomvetsa cisoni kuti mwana wa ku Matero asadziwe nkhani imeneyi?

Makolo ena amakana. Amati, "Iai, usiku ni woopsa. Mwana afunika kunkhala mu nyumba." Nkhawa yao ndi yomveka. M'komboni muli ngalande, magalimoto ndi anthu ena oipa mtima. Mwana sayenera kuyenda yekha mumdima. Ndiye cifukwa cake kalabu izikumana masana kusukulu. Madzulo aliyense aziyang'ana ali pakhomo pao. Azikhala ndi amai, atate, ambuya kapena mkulu wake. Mphindi khumi cabe zikwanira. M'miyezi ya Juni ndi Julai kumwamba sikukhala mitambo yambiri, koma kumazizira. Conco mwana avale juzi. M'mawa mwake ana onse azionetsana zimene ajambula.

Ena amati, "Nyenyezi sizibweretsa unga." Zoona, palibe amene amadya nyenyezi. Koma mwana amene amayang'ana mosamala, kuwerenga masiku ndi kulemba zimene waona amakhala wacidwi. Dokotala, mlimi ndi woyendetsa ndeke onse amafuna luso limeneli.

Kalabu ingayambe ndi mphunzitsi mmodzi ndi ana asanu. Nchito yoyamba ikhale kupeza nyenyezi zinai zooneka ngati mtanda. Madzulo a mwezi wa Juni zimaoneka kum'mwera. Nchito yaciwiri ikhale kupeza nthanda. Nthawi zina imawala kum'mawa dzuwa lisanatuluke. Anthu amaiyesa nyenyezi, koma ndi pulaneti yochedwa Venus. Mwana akaipeza, aitane azibale ake kuti naonso aione.

Mau atsopano

kadamsana: mdima umene umagwa mwezi ukaphimba dzuwa
pulaneti: dziko limene limazungulira nyenyezi
telesikopu: cida coonera zinthu zakutali kumwamba

Yankhani mafunso awa

1. N'cifukwa ciani nyenyezi zimaoneka bwino malaiti akapita?
2. N'ciani cinacitika mu Lusaka pa 21 Juni 2001?
3. Kodi pulaneti imene ili ndi dzina la Cinyanja imachedwa ndani?
4. Kodi makolo amene amaopa usiku mungawauze ciani?
5. Jambulani mwezi madzulo atatu otsatizana. Kodi wasintha bwanji?