Kutuluka m'chitaganya: walira mvula walira matope

Mkangano unabuka tsiku la msika pa Milange, pansi pa mtengo wa mango pomwe anyamata a njinga amapumulira asanawolokere ku Muloza ndi matumba a chimanga. Anayambitsa ndi gogo wina amene anathyolapo tiyi ku Mulanje ali mnyamata. Iwo ati palibe chipani chotsutsa boma chimene chinanenapo zoona ngati Nyasaland African Congress, pomwe chinkaumirira kuti dziko lituluke m'chitaganya. Mphunzitsi wina wachinyamata anapepesa kaye kwa agogowo, kenaka n'kufunsa ngati ndi nzeru kuti mmphawi athawe m'nyumba ya anthu olemera.

Achinyamata ambiri kuno dzina la chitaganya amangolimva. M'chaka cha 1953 boma la Mangalande linamanga pamodzi maiko atatu: Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), Northern Rhodesia (Zambia) ndi Nyasaland (Malawi). Likulu linali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Ovota a ku Southern Rhodesia, amene pafupifupi onse anali azungu, anafunsidwa maganizo awo pa voti. Anthu akuda a ku Nyasaland sanafunsidwe. Mafumu anapita mpaka ku London kukadandaula koma anabwerako chimanjamanja. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu itakana kugonjera atsamunda inachotsedwa paufumu, ndipo itathawira ku Angonia, Apwitikizi anaibweza. Zipolowe za chaka chomwecho, zomwe zinayambira ku Thyolo, pafupi ndi kuno, zinaphetsa anthu 11.

Mfundo ya mphunzitsi uja si yopanda mutu. Kumpoto kunali migodi ya kopa, kummwera kunali mafakitale, pomwe Nyasaland inkadalira tiyi, fodya ndi amuna opita kutheba. Okonda chitaganya ankaloza chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 1958, n'kumati ndalama zotere dziko lokha silingazipeze.

Ndipo m'chipani chenichenicho munalibe mtima umodzi. A Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano anali aphungu ku nyumba ya malamulo ya ku Salisbury, ndipo ankakhulupirira kuti nkhondo imamenyeka bwino uli mkati. A Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene analowa m'nyumba ya malamulo ya ku Zomba mu 1956, ankaona kuti kukhala pampando ku Salisbury ndiye kuvomereza chitaganya. Awiri oyambawo atakana kutula pansi maudindo, chipani chinawachotsa mu 1957.

Gogo uja anayankha ndi mwambi woti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ati amuna amene anagwirako ntchito ku Rhodesia ankadziwa bwino za chitupa, za minda yabwino yopatsidwa kwa azungu, ndi za kugulira pawindo. Mantha awo anali oti malamulo omwewo awoloka Zambezi. Chipatala anthu ankachifuna, koma mtengo wake unali woti akhale alendo m'dziko lawo lomwe.

Zotsatira zake n'zodziwika. Dr Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analetsa chipanicho. Anthu opitirira 1,000 anatsekeredwa ndipo 51 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Nkhata Bay. A Orton Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho, ndipo pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipanichi chinatenga mipando 22 mwa 28. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ufulu n'kubwera pa 6 Julayi 1964.

Pamenepa agogo anapambana, ndipo mphunzitsi sanakane. Mgwirizano umene anthu sanaufunse, ndiponso alibemo mawu, sungaime ngakhale utakhala ndi ndalama zodzaza nkhokwe. Koma mphunzitsiyo anali ndi funso lachiwiri, ndipo ndilo likutikhudza anthu a m'malire: atatuluka, anadzera njira iti?

Dziko silisamuka. Malawi analibe nyanja yamchere mu 1953, ndipo analibenso mu 1964. Kwa zaka zingapo boma la Mangalande ndilo linkathandiza kukwaniritsa ndalama zoyendetsera boma. Katundu wambiri ankadzera pa Beira, m'manja mwa Apwitikizi. Choncho Kamuzu anapalana ubwenzi ndi atsamunda a kuno, mpaka Jorge Jardim anakhala kazembe wa Malawi ku Beira, ndipo njanji ya ku Nacala inalumikizidwa mu 1970. Mu 1967 anatsegulanso ubale ndi boma la tsankho la South Africa. FRELIMO itayamba nkhondo mu 1964 inavutika kwambiri kukhazikika m'Zambezia muno, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti dziko loyandikana nalo silikanatha kuyambana poyera ndi eni doko. Chisankho cha tsidya lina la Muloza chinamveka mpaka m'midzi ya tsidya lino. Akulu anati walira mvula walira matope.

Za mtundu uwu si za kale lokha ayi. Mu Juni 2016 anthu a ku Britain anavota, ndipo 52 mwa 100 aliwonse anati atuluke mu European Union. Chipani chotsutsa cha Labour chinagawanika pakati, ena akufuna kutuluka ena akufuna voti yachiwiri, ndipo chinagonja moipa pa chisankho cha Disembala 2019. Dzikolo linatuluka pa 31 Januwale 2020. Chimene chinavuta koposa pa zokambirana chinali malire a ku Ireland, kumene anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kukagula, kukagulitsa ndi kukaona abale monga zimachitikira pa Muloza.

Mozambique ndi Malawi onse ali mu SADC, bungwe lomwe mizu yake inadzalidwa ku Lusaka mu 1980. Kusiyana kwake ndi chitaganya n'koti maiko analowamo okha, ndipo lililonse lili ndi mpando wake. Madandaulo alipo, ndipo aliyense amene anatsitsidwapo thumba pachipata amawadziwa. Chipani chotsutsa chili ndi ufulu wodzudzula mgwirizano uliwonse, ngakhale kunena kuti dziko litulukemo. Koma wandale akadzaima pabwalo ndi mawu otere, mlimi wa kuno adzamufunse mafunso awiri. Loyamba, kodi mumgwirizanomo tilibedi mawu, kapena atsogoleri athu ndi amene salankhula? Lachiwiri, tikatuluka, chimanga ndi nandolo zathu zidzagulitsidwa kuti, nanga wodwala wofuna chipatala cha tsidya lija adzawoloka ndi chikalata chanji?

Dzuwa litapendeka, gogo ndi mphunzitsi anasiyana aliyense atagwiritsa mfundo yake. Anyamata a njinga anamanga matumba awo n'kulunjika kuchipata, poti chimatsekedwa madzulo.