Tenti imabisa katundu, koma lole imaoneka

Mwezi watha mphwanga amene amagwira ntchito pa ofesi ina ku Mponela anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Anali atamuitana kuti akafotokoze chifukwa chimene laputopu ya kuntchito inkalumikizana ndi kompyuta ina ya ku Netherlands madzulo alionse anzake akaweruka. "Achimwene, ine ndinangoikamo VPN kuti ndizionera mpira pa Wi-Fi ya mu ofesi. Adziwa bwanji? Paja amati VPN imabisa zonse?"

Ambirife tinazolowera mapulogalamu ngati Psiphon pa mafoni athu, bandulo ikatha n'kumasakasaka intaneti yaulere. Tikapeza ntchito, chizolowezicho timapita nacho pa makina a abwana, n'kumaganiza kuti palibe akutiona.

Amene mumayenda pa msewu wa M1 usiku mumawadziwa malole ovundikira tenti. Wapolisi wa pa rodibuloko saona ngati m'katimo muli fodya, soya kapena makala a kunkhalango ya Ntchisi. Koma loleyo akuiona, nthawi akuidziwa, kumene ikulowera akukuona. VPN ndi tenti basi. Imabisa zimene mukuonera, koma siibisa zoti mukubisa kanthu.

Nanga a IT amagwira bwanji? Intaneti yonse ya mu ofesi imatulukira pa chipata chimodzi, firewall, ndipo chipatacho chimalemba kompyuta iliyonse, kumene yalumikizana, nthawi yake ndi kuchuluka kwa data. Maadiresi a makampani ambiri a VPN ndi odziwika kale, moti firewall imakhala ndi mndandanda wake. A Tor amachita kuika poyera okha maadiresi a makompyuta awo ambiri.

Ngakhale adiresi ikhale yachilendo, kayendedwe kamaulula. Kompyuta ya munthu amene akugwira ntchito imalankhula ndi malo ambirimbiri, imelo apa, banki apo. Ya VPN imathira zonse mu paipi imodzi yopita malo amodzi kwa maola. Komanso kompyuta isanatsegule tsamba lililonse imayamba yafunsa adiresi yake ku seva ya kampani, zimene amati DNS. Ikasiya kufunsa koma data ikungotha, a IT amadziwa kuti yapeza pena pofunsira. Mapulogalamu ena amakondanso makomo awoawo: OpenVPN nthawi zambiri imadzera pa 1194, WireGuard pa 51820.

Mwina mukuti, nanga ndikapita nayo kumudzi ku Malomo n'kulumikiza pa hotspot ya foni yanga? Makampani ambiri amaika kapulogalamu m'laputopu momwemo kamene kamanena chilichonse chimene chaikidwamo. Ndiye pali imelo ya kuntchito. Ikaonetsa kuti 8 koloko munali ku Dowa, 8:20 muli ku Amsterdam, wina ayenera kufunsa kuti mwakwera ndege yanji.

Si kuti mabwana amadana ndi mpira ayi. Vuto ndi lakuti paipi imene a IT sakuona m'kati mwake ingathe kutulutsa mndandanda wa makasitomala, kapena kulowetsa wakuba. VPN yaulere ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amadya penapake. Mu 2015 zinadziwika kuti Hola, VPN yaulere yotchuka, inkagulitsa intaneti ya anthu oigwiritsa ntchito kuti ena azidzera pa makompyuta awo. Tangoganizani munthu wosamudziwa akuchita zachinyengo kudzera pa adiresi ya ofesi yanu.

Kuno kwathu taonapo zimene zimachitika makina akalowedwa. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Anthu anakhala milungu yambiri osalandira mapasipoti. Ofesi iliyonse imene inamva nkhaniyi ili ndi chifukwa choopera chipata chobisika.

Komabe mabwana nawo asamangobisalira ana a eni ngati msampha wa mbewa. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, limene MACRA imayang'anira, limafuna kuti munthu adziwitsidwe pamene zokhudza iye zikutoleredwa. Kusainitsa wantchito watsopano pepala lachingerezi lamasamba khumi tsiku loyamba si kumuphunzitsa. Muuzeni m'Chichewa chomveka kuti makinawa timawayang'anira, ndipo izi ndi izi n'zoletsedwa.

Kwa inu anzanga, laputopu ya kuntchito ndi munda wobwereka. Zanu chitirani pa foni yanu ndi bandulo yanu. Ngati kampani ili ndi VPN yakeyake yolumikizira ku likulu, imeneyo ndi ina, gwiritsani ntchito. Tsamba limene mukulifuna pa ntchito likakhala lotsekedwa, pemphani a IT alitsegule. Safunsa adadya phula.

Mphwanga uja anapulumuka ndi kalata yochenjeza chifukwa anavomera msanga, sanalimbelimbe. Kalatayo ili m'fayilo yake ndipo kontirakiti yake ikutha chaka chino. Mpira tsopano amakaonera ku video show pamsika, amalipira pakhomo ngati wina aliyense.