Mitu ya pa wiki: kukongoletsa kuli ndi malo ake

Mu maphunziro a uphunzitsi, kalembedwe ka pa bolodi kali ndi malikisi ake. Mutu wa phunziro umakhala pamwamba, wodulidwa mzere kunsi, timitu tina tikutsatira mwadongosolo, kuti mwana wa pa benchi la kumbuyo adziwe pamene tafika. Koma tikangochoka pa bolodi n'kukhala pa kompyuta, mwambo wonsewu timausiya pakhomo. Tsamba la manotsi limene tinagwirizana kulembera limodzi pa wiki limasanduka chitenje: mutu uwu wofiira, uwo wobiriwira, wina wa zilembo zazikulu zokhazokha ngati tikukalipira munthu.

Kukongoletsa sitikudana nako. Chimene tikukana n'kukongoletsera pamalo olakwika.

MediaWiki, pulogalamu imene imayendetsa Wikipedia, kuphatikizapo ya Chichewa, ili ndi njira yake yolembera mitu. Mukaika zizindikiro ziwiri za = kumanzere ndi kumanja kwa mawu, pulogalamuyo imadziwa kuti umenewo ndi mutu wa chigawo, umene m'chilankhulo cha masamba a pa intaneti umatchedwa h2. Zizindikiro zitatu zimapereka kamutu ka pansi pake, h3. Dzina la tsamba lonse ndiye h1. Mitu ikafika inayi, mndandanda wa zam'kati umadzipanga wokha, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi pake podina munthu akafuna kukonza chigawo chokhacho. Wina akaona kuti mutu woterewu sukumusangalatsa n'kusankha kungonenepetsa zilembo ndi kuzipaka mtundu, m'maso mwake pali mutu, koma kwa kompyuta palibe chilichonse. Mndandanda uja sumuona, malo okonzera aja sabwera.

Amene amavutika kwambiri si ife a maso akuthwa. Wophunzira wosaona amawerenga tsamba ndi pulogalamu yolankhula monga NVDA kapena JAWS, ndipo akadina chilembo cha H imamudumphitsa kuchoka pa mutu wina kupita pa wotsatira. Tsamba lopanda mitu yeniyeni ayenera kulimvera lonse, mzere ndi mzere, pofuna ndime imodzi. Ana a maso ofooka, kuphatikizapo ambiri achialubino, tidzawapeza m'makalasi mwathu, chifukwa masiku ano amaphunzira limodzi ndi anzawo. Mutu wachikasu pa tsamba loyera kwa iwo n'chimodzimodzi choko choyera pa khoma la laimu. Malangizo a WCAG amaika mlingo wake: kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi pamene zakhala kusachepere 4.5 kwa 1 pa zilembo wamba, ndi 3 kwa 1 pa zilembo zikuluzikulu. Palinso foni, imene ambirife timawerengerapo. Pa Wikipedia ya pa foni zigawo zimapindika ndi kutambasuka potsata mitu yomweyo.

Nanga amene akufuna mitu yokongola atani? Malo ake alipo. CSS, imene Håkon Wium Lie anaiganizira mu 1994, inabwera kudzalekanitsa zolembedwa ndi maonekedwe ake. Pa wiki pali tsamba lotchedwa MediaWiki:Common.css. Mukalemba kumeneko kamodzi kokha kuti h2 aliyense akhale wa mtundu wakuti, wamkulu chonchi, mzere wa kunsi ukhale wokhuthala kapena uchotsedwe, mitu yonse pa masamba onse imasintha nthawi imodzi. Chaka chamawa anthu akatopa ndi mtunduwo, mzere umodzi ndi umene udzakonzedwe, osati masamba mazana. N'chifukwa chake tsambali silikonzedwa ndi aliyense koma okhawo opatsidwa udindo. Ndipo amene mtima wake uli pa zofiirira asadandaule: pa Wikipedia munthu wolembetsa dzina amatha kukhala ndi katsamba kake ka common.css, kamene kamasintha maonekedwe m'maso mwa iye yekha.

Ena mwa anzathu amati izi n'kupha luso, kuti masamba ofanana ngati yunifolomu amatopetsa. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona. Ngakhale Wikipedia yeniyeniyo inasintha zilembo za mitu yake mu 2014, mitu ikuluikulu n'kuyamba kuoneka mosiyana ndi mawu a m'ndime, ndipo anthu anakangana nazo kwambiri. Maonekedwe ndi nkhani imene anthu amaisamala. Koma taonani kuti mkanganowo unali wa gulu, ndipo chimene anasankha chinakhudza masamba onse mofanana. Ife tinakulira pa buku la phunziro la Sukulu ya Sabata. Sabata iliyonse limayalidwa chimodzimodzi, tsiku lililonse ndi mutu wake pamalo ake, mwakuti agogo a maso otopa amapeza phunziro la Lachitatu osafunsa munthu. Palibe anadandaulapo kuti bukulo likusowa luso. Machaputala a m'Baibulo amene Stephen Langton anagawa m'zaka za m'ma 1200, ndi mavesi a Chipangano Chatsopano amene Robert Estienne anaika manambala mu 1551, amagwira ntchito chifukwa sasintha malinga ndi kukonda kwa wosindikiza aliyense.

Chinthu chimodzi chotikhudza ife eni chilankhulo: si mtundu uliwonse wa zilembo umene uli ndi ŵ. Mukasankha zilembo zopotanapotana za mitu, yesani kaye kulemba mawu oti Malaŵi. Chilembocho chikasowa, kompyuta imabwereka cha mtundu wina chimene chimaoneka ngati chigamba, kapena imangoika kabokosi pakati pa dzina la dziko.

Choncho gulu lililonse limene likuyamba wiki ya manotsi ligwirizane msanga: mitu ilembedwe ndi zizindikiro za =, osadumpha kuchoka pa h2 kupita pa h4 chifukwa chongofuna zilembo zazing'ono, ndipo za mtundu ndi kukula zikambidwe pamodzi n'kulembedwa mu Common.css. Mukatero tsegulani tsambalo pa foni yaing'ono, panja dzuwa likuswa mtengo, kenaka mulipereke kwa mnzathu wovala magalasi amene amakhala kutsogolo kwa kalasi kuti apeze chigawo chachitatu.