Mkazi Wolira: Kawerengedwe ka Chithunzi Chosweka

Mwezi uno tikambirane za chithunzi chimene ambiri akachiona amaseka, nati, "Ngakhale mwana angathe kulemba chotere." Ndicho cha Mkazi Wolira, chimene Pablo Picasso, mmisiri wa ku Spain, anachilemba ndi utoto m'chaka cha 1937. Chisungidwa ku Tate, mu mzinda wa London.

Chiyambi chake ndi ichi. Pa 26 April 1937, ndege za Ajeremani ndi Aitaliyana zinaponya mabomba pa mudzi wa Guernica, nizipha anthu ambiri osalakwa. Picasso anamva mbiriyi ali ku Paris, nalemba chithunzi chachikuru cha tsokalo, m'mene muli mai wonyamula mwana wakufa. Koma mtima wake sunapume. Pa mwezi wa October anatsiriza nkhope iyi, poyang'ana bwenzi lake Dora Maar.

Tsono penyetsetsani. Masaya ndi achikasu ndi obiriwira, chipewa nchofiira chokhala ndi duwa, monga cha munthu wonka ku ukwati. Koma pozungulira pakamwa kuwala konseko kwathawa. Patsala kuyera ndi kutuwa, ndipo mano aluma mpango wosongoka ngati mapale a galasi. Nkhope ioneka chakutsogolo ndi cham'mbali nthawi imodzi, monga mwa njira imene Picasso ndi Georges Braque anaiyamba nkhondo ya 1914 isanabuke.

Kodi mmisiri analephera? Iai ndithu. Inu amene munakhalapo m'siwa, kumbukirani nkhope ya mai wofedwa mwana: siikhazikika, ikwinyika, itembenukira uku ndi uku. Picasso anasiya kukongola kwa khungu kuti aonetse ululu wa m'kati. Akatswiri ambiri aonamo chikumbutso cha mafano a Amai Maria Achisoni, okhala ndi misozi ya galasi, amene achuruka m'matchalichi a ku Spain.

Chifukwa chake, mukakomana ndi chithunzi chachilendo, musafulumire kuchinyoza. Dzifunseni: utoto wawala pati, wazilala pati, ndipo nkhope yasweka pati? Pamene payankha mafunso atatuwo, mpamene pagona mau a mmisiri.

Chomwechonso ndi anansi athu. Alipo obvala zowala pa Sande, koma mtima uli mapale okhaokha. Tiphunzire kuwapenyetsetsa ndi kuwatonthoza, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wa mawa.