Galimoto ya Banja Msika wa Fodya Ukatha: Tiione Bwino Toyota Premio

Sabata ino tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya abambo okha, nkhani yogula galimoto.

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kuyamba kulowa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, m'makomo ambiri mumamveka mawu akuti, "Chaka chino tigule galimoto." Mawuwa ngokoma, koma ndalama imene ikunenedwayo ndi thukuta la banja lonse. Ndife amene tinathirira nazale dzuwa likuswa mtengo, tinasoka fodya m'chigafa mpaka usiku, tinaphikira antchito m'mawa ndi madzulo. Tsono sikulakwa kuti mayi adziwe chimene chikugulidwa, afunse mafunso, ndi kupereka maganizo ake mwaulemu ndalama isanatuluke kubanki.

Mwa magalimoto a saluni amene abambo amawasirira, imodzi yotchuka ndi Toyota Premio, pamodzi ndi mbale wake Toyota Allion. Ziwirizi n'zofanana injini ndi mafupa omwe, zimangosiyana nkhope ndi zokongoletsa za m'kati. Premio anaipangira anthu achikulire ofuna ulemu, Allion anaipangira achinyamata. Choncho zonse zimene ndinene za imodzi zikhudzanso inzakeyo.

Tiyambe ndi mbiri yake. Kampani ya Toyota inayamba kupanga Premio ndi Allion ku Japan mu Disembala 2001, kulowa m'malo mwa Corona ndi Carina zimene akuluakulu amazikumbukira. Mtundu woyamba unapangidwa mpaka 2007, wachiwiri kuyambira 2007 mpaka Malichi 2021 pamene analeka kuzipanga. Ichi chitanthauza kuti Premio yatsopano kulibe. Iliyonse imene mungaione pamsika inayendapo kale, kaya ku Japan kaya kwathu konkuno. Wogulitsa akanena kuti "yangotsika kumene", dziwani kuti yangotsika m'sitima ya pamadzi, osati kufakitale.

Zokoma zake zilipo ndithu. Imanyamula anthu 5 mosapanikizana, ndipo malo a miyendo kumpando wa kumbuyo ngokwanira kuti agogo akhale momasuka popita nawo kuchipatala. Mipando ya kumbuyoyo imapendekeka, imapindikanso kuti katundu wautali alowe kuchokera kubuti. Butiyo imalandira masutikesi a ana a sukulu yogonera komweko, matiresi wopinda ndi chidebe chomwe. Pa tala imayenda mosagwedeza ndi mosasokosa. Chiwongolero chake chili kumanja, monga kuyenera m'dziko lathu lino m'mene timayenda kumanzere kwa msewu.

Tsopano za injini, pakuti apa ndi pamene pagona ndalama. Premio ili ndi injini za mitundu itatu: ya 1500cc, ya 1800cc ndi ya 2000cc. Ya 1500cc, imene amakaniko amaitchula kuti 1NZ, ndi yomweyo imene ili mu Probox, mu Sienta zakale ndi mu Corolla Axio ndi Fielder zambiri. Chifukwa cha ichi zipangizo zake sizisowa, ndipo makaniko wa pa boma pano amaidziwa ngati chikhatho chake. Imamwanso mafuta pang'ono. Ikakhala yosamalidwa bwino imapitirira makilomita 12 pa lita imodzi pa tala. Kuchokera ku Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, choncho ulendo wopita ndi kubwera ufuna malita ngati 20. Thanki yake imalowa malita 60. Funsani mtengo wa lita pa malo omwetsera mafuta lero, muwerengere pamodzi ndi abambo, muone ngati thumba lingapirire.

Ya 1800cc ili ndi mphamvu yoonjezera, yothandiza galimoto ikadzaza pokwera mapiri a Chikangawa kupita ku Mzuzu, ndipo mafuta sichulukitsa kwenikweni. Imene ndikuchenjezani nayo ndi ya 2000cc ya mtundu woyamba, ya pakati pa 2001 ndi 2007, yolembedwa kuti D-4. Injini imeneyi imaponyera petulo m'kati mwenimweni mwa injini ndi pampu ya mphamvu kwambiri, ndipo sigwirizana ndi mafuta akuda. Tonse tikukumbukira mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta mu 2022 ndi mu 2024, pamene anthu ambiri anathawira ku petulo wa m'zigubu. Petulo wotereyu nthawi zina amakhala ndi fumbi kapena madzi, ndipo D-4 ikamumwa imayamba kutsokomola, kukonza kwake n'kokwera mtengo. Ikatchipa pogula musakondwere msanga.

Chachiwiri ndi giya. Premio zonse za kuyambira 2007 zili ndi giya yosintha yokha ya mtundu wa CVT, imene m'kati mwake muli lamba wachitsulo m'malo mwa mano. Giya imeneyi ndi imene imathandiza kusunga mafuta, koma ili ndi malamulo ake. Imafuna oyilo wakewake wolembedwa kuti CVT. Makaniko wosadziwa akathiramo oyilo wa giya wamba, galimoto iyenda masabata angapo kenaka iyamba kunjenjemera ndi kulira, mapeto ake kugula giya ina yathunthu. Sikondanso kukakamizidwa. Galimoto ikatitimira m'matope, dalaivala n'kumaponda moto kuti ituluke mwa mphamvu, lamba uja amatentha ndi kuwonongeka. Kuli bwino kutsika, kuitana anyamata ndi kukankha.

Apa tafika pa chilema chachikulu cha galimoto imeneyi kwa ife a kuno. Premio anaipangira misewu yosalala ya ku Japan. Kuchokera pansi kufika pamimba pake ndi masentimita ngati 16 okha, kutalika kosafika ndi chikhatho chotambasula, ndipo ikadzaza anthu imatsikanso. Makolo athu ankatama Peugeot 504 m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chifukwa inkapirira mabampu ndi misewu ya fumbi ya kumaesiteti. Premio si yotero. Pa msewu wa M1, kapena wa tala wopita ku Mchinji, ilibe vuto. Koma msewu wa kumudzi umene mathirakitala ndi ngolo zakumba mikwasa iwiri n'kusiya chitunda pakati, umakhula pansi pa galimoto. Mwala umodzi ukaboola chibekete cha oyilo cha pansi pa injini, oyilo n'kutayika dalaivala osadziwa, injini yonse yapita. Mchenga wa m'madambo athu m'chilimwe ndi matope a Januwale ndi Febuluwale ndi adani akenso. Zambiri zimakoka ndi matayala a kutsogolo okha. Zilipo zochepa za 1800cc zokoka ndi matayala onse anayi, koma nazonso mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ena amaikweza poika zitsulo pa masipuling'i, ndipo zimathandiza pang'ono, koma zikapitirira muyeso galimoto imayamba kuyendayenda pamsewu ikathamanga.

Premio si lole ayi. Belo limodzi la fodya limalemera makilogalamu ngati 100, thumba la feteleza 50. Mukaika matumba 6 m'buti ndi pampando, mwaisenzetsa makilogalamu 300, kuonjezapo anthu. Masipuling'i amagwa, matayala amaphulika, mabuleki sagwira msanga, ndipo feteleza wotayikira m'buti amadya chitsulo ndi dzimbiri. Banja limene likufuna chonyamulira zokolola liganizire za pikapu, kapena lipitirize kubwereka lole nthawi ya msika.

Mwina abambo atchula magalimoto ena. Toyota Camry ndi yaikulu ndi yotakasuka kuposa Premio, koma zambiri zili ndi injini ya 2400cc kapena 2500cc. Mark X ndi yokongola ndi yaliwiro, koma injini yake ndi ya masilinda 6, imamwa mafuta kwambiri, ndipo ndi yotsika. Corolla Axio ndi yocheperapo ndi yotchipirapo. Sienta imanyamula anthu 7, choncho banja la ana ambiri liyiyang'ane kaye lisanathamangire saluni.

Kagulidwe kali pawiri. Njira yoyamba ndi kuitanitsa ku Japan. Galimoto imatsikira pa doko, kawirikawiri la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe ku Karonga. Mtengo umene mumauona pa foni si wonse. Pali ndalama ya sitima, ya pa doko, ya dalaivala ndi mafuta a m'njira, ya wokonza mapepala, ndiponso msonkho wa MRA umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto. Zonsezi zikaphatikizidwa mtengo ukhoza kuwirikiza. Kumbukiraninso kuti galimoto ndi zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya matayala, mabatire ndi oyilo inakwera nthawi yomweyo. Fodya amagulitsidwa pa madola miyezi yowerengeka yokha, koma galimoto imadya chaka chonse.

Njira yachiwiri ndi kugula imene ili kale m'dziko muno. Ubwino wake ngwakuti mumaiona ndi maso, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pitani masana, osati madzulo, ndipo mutenge makaniko wanuwanu, osati wa wogulitsa. Injini ailize ili yozizira, muone utsi. Wobiriwira ngati mtambo usonyeza kuti ikudya oyilo. Nyali zonse zochenjeza za kutsogolo kwa dalaivala ziyake potembenuza kiyi, ndipo zizime injini ikalira. Makaniko agone pansi ayang'ane dzimbiri, pakuti magalimoto ena amachokera ku zigawo za chisanu kumene amathira mchere m'misewu. Musakhulupirire mita ya makilomita yokha, chifukwa ena amaibweza m'mbuyo. Onani kutha kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi zopondera. Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala ena obwera ndi galimoto ngopangira chipale, ofewa, ndipo pa tala wotentha wa Okutobala amatha msanga. Pomaliza iyendetseni pa tala ndi pa fumbi pomwe, mumvetsere kugogoda kwa kumiyendo. Inu mayi khalani kumbuyo, pakuti ndi kumene ana adzakhala, muyese malamba onse ngati akumanga.

Za mapepala musachite nazo manyazi. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa m'buku la galimoto. Dzina la m'bukumo likhale la amene akugulitsayo, ndipo aonetse chiphaso chake cha unzika. Funsani ngati galimoto si chikole cha ngongole. Musalipire ndalama yonse musanapite limodzi ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini. Pakufunikanso inshuwalansi, COF, ndi layisensi yeniyeni ya woyendetsa. Malisiti onse asungidwe m'nyumba, pamalo pamene mayi akupadziwa, ndipo ngati mwaikapo ndalama yanu ya geni kapena ya kubanki m'khonde, zilembedwe. Sitifunira aliyense tsoka, koma taona amayi amasiye akulandidwa galimoto maliro asanathe. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 linaika kulanda chuma chotere kukhala mlandu, komabe pepala ndi limene limalankhula pabwalo.

Nanga tigule kapena tisagule? Maganizo anga ndi awa. Kwa banja lokhala pa boma, ku Mtunthama, ku Chatoloma kapena pena paliponse pafupi ndi tala, limene lili ndi kandalama kolowa mwezi ndi mwezi kuonjezera pa fodya, Premio kapena Allion ya 1500cc kapena 1800cc, ya kuyambira 2007, ndi galimoto yabwino, yokhalitsa ndi yosavuta kuigulitsanso. Kwa banja limene msewu wa kwawo umaduka mvula ikagwa, galimoto imeneyi idzakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi itatu, nthawi yomwe malungo avuta ndipo ifunika koposa. Kumeneko ndalama ipite ku galimoto yokwera, kapena idikire chaka china.

Ndipo kwa tonse, ndondomeko ikhale iyi: ngongole ya zipangizo za ulimi ibwezedwe, antchito alipidwe mokwanira, chimanga chofika mpaka Malichi chikhale m'nkhokwe, feteleza wa chaka chamawa agulidwe, fizi ya ana ya materemu onse atatu ipatulidwe. Zikatsala zokwanira galimoto, ndi zina zapadera zogulira matayala anayi ndi kuikonzetsa koyamba, pamenepo gulani ndi mtima woyera. Zikapanda kutsala, musakongole katapira chifukwa cha maso a anthu. Galimoto yogulidwa mu Julayi n'kugulitsidwa motchipa mu Disembala pofuna feteleza imasiya banja lopanda galimoto ndi lopanda ndalama.

Nkhani imeneyi muikambe ndi abambo mofatsa, atadya ndi kupuma, pepala ndi pensulo zili pa tebulo. Ndipo galimoto ikabwera, nanunso kaphunzireni kuyendetsa ku sukulu yovomerezeka mutenge layisensi yanu, kuti mwana akadwala usiku abambo ali kumsika ku Chinkhoma, musayambe kugogoda m'makomo a anthu kufuna dalaivala.