Msodzi wa pa Chisi ndi Maso a Wophunzira

Munthu wochoka ku Zomba kupita pa chilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa, amafika pa doko la Kachulu nakwera bwato. Kwa walungalunga ulendo umenewu ndi wamasiku onse. Koma taganizani za msodzi amene wadwala matenda opha ziwalo, dzanja ndi mwendo wakumanja zaleka kugwira ntchito. Ambiri a ife timangopukusa mutu ndi kuti, "Kalanga ine, munthu uja watha!" Kenaka timamuyalira mphasa kuseri kwa nyumba, ena nayamba kunong'ona za ufiti.

Alipo maphunziro amene amatsutsa maganizo otere. Pa Chingerezi amatchedwa occupational therapy, ndiko kuti kuthandiza wodwala kapena wolumala kuti abwerere ku zochita zake za tsiku ndi tsiku monga kuvala, kudya yekha, kulemba ndi kuphika. Amalaŵi ena anakaphunzira ntchitoyi ku Moshi, m'dziko la Tanzania.

Woyamba kusinthidwa ndi maphunzirowa ndi wophunzira mwini wake. Poyamba amabwera ndi chisoni chimene tonse tinakula nacho, ndipo funso lake limakhala lakuti, "Chavuta n'chiyani m'thupi la munthuyu?" Akakhala miyezi ingapo pamodzi ndi olumala, kudya nawo ndi kumva zofuna zawo, funso lija limasintha: "Kodi bamboŵa akufuna kuchita chiyani, nanga chikuwaletsa n'chiyani?" Pamenepo amaona kuti msodzi wa pa Chisi uja nzeru zake za nyanja zikalipo. Akudziŵabe nyengo ya matemba ndi pobisala milamba. Chimene akusoŵa ndi mtengo womangirirapo ukonde kuti azisoka ndi dzanja limodzi, mpando woyenera, ndi anzake omufunsa nzeru. Wophunzira uja amaleka kuchitira munthu zinthu, nayamba kuchita naye limodzi.

Ngakhale chinenero chathu chimatiulula. Mawu akuti "chilema" timawaika pamodzi ndi chitseko ndi chipande, ngati kuti wolumala ndi chinthu. N'chifukwa chake lero timati "munthu waulumali", kutsogoza umunthu wake.

Malamulo nawo ayenda ulendo womwewo. Lamulo la 1971 linakhazikitsa bungwe la MACOHA loti lisamalire olumala. La 2012 linanena za ufulu wawo, ndipo la 2024 linaloŵa m'malo mwa onse aŵiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, mmodzi ali ndi ulumali. Komatu lamulo silikwera bwato pa Kachulu. Amene amakwera ndi munthu, ndipo akatswiri a ntchitoyi m'dziko muno ndi ochepa, ambiri ali m'zipatala za m'mizinda.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, ganizirani ntchito imeneyi posankha maphunziro. Inunso aphunzitsi, musadikire katswiri. Mwana wogwira choko movutikira mukulungireni kansalu pachokocho kuti chikule. Wosamva bwino mukhazikeni kutsogolo. Ana enawo adzaphunzira poona inu kuti mnzawoyo ndi wa m'kalasi momwemo. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mphasa imene tikuyalira mnzathu kuseri lero ikhoza kudzakhala yathu maŵa.