MKONONO SI NKHANI YOSEKA

M'midzi mwathu munthu woliza mkonono timamuseka, mwinanso timati watopa ndi khasu. Ine maganizo anga ndi akuti mkonono wina ndi matenda, ndipo uyenera kunenedwa kuchipatala monga momwe timanenera chifuwa kapena malungo.

Mvetserani bwino munthu wotere akagona. Amaliza mkonono, kenaka nkungoti zii kwa masekondi 10 kapena kupitirira, nadzidzimuka ngati wotsamwa. Kumeneku ndiko kubanika kutulo. Minofu ya kummero imalefuka ndi kutseka njira ya mpweya. Kwa odwala kwambiri zimenezi zimachitika ka 30 kapena koposa pa ola limodzi.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi magazi? Munthu wathanzi akagona, mtima umapumula ndipo kuthamanga kwa magazi kumatsika. Koma mpweya wabwino ukachepa m'magazi, ubongo umadzidzimutsa thupi: mitsempha imafinyika, mtima umagunda mofulumira, magazi nathamanga. Zikamachitika usiku ndi usiku, kakhungu kosalala ka m'kati mwa mitsempha kamawonongeka, ndipo mitsemphayo imauma nileka kutambasuka. Potsiriza BP imakhala yokwera ndi masana omwe. Mapeto ake ndiwo kufa ziŵalo ndi matenda a mtima.

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malaŵi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziŵa. Zoyambitsa nzambiri, monga mchere wochuluka, koma kubanika kutulo ndiko kumaiŵalika kaŵirikaŵiri.

Ena adzati, "Chipatala chathu chilibe makina oyezera tulo, tikanena tipindulanji?" Komatu choyezera BP chilipo, ndipo mboni ilipo. Wogona sadzimva yekha. Inu mayi kapena bambo amene mumagona naye ndinu mukudziŵa. Musachite manyazi, mperekezeni ndipo mukafotokoze zimene mumamva usiku. Mukanenenso ngati amadzuka mutu ukuŵaŵa, amakodza kangapo usiku, kapena amawodzera masana ali pakati pa anthu. BP ikamafika 140/90 kapena kuposa, kapena ikamakana kutsika ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika, adokotala angathe kumtumiza ku chipatala chachikulu.

Pakhomo paliponso zochita. Kunenepa kwambiri si chizindikiro cha ulemerero. Kumapanikiza mmero, choncho chepetsani thupi. Lekani moŵa, makamaka madzulo, pakuti umalefula minofu ya kummero. Lekani fodya. Gonani chammbali, osati chagada. Musaleke mankhwala a BP popanda kuuzidwa ndi adokotala.

Nanunso anzanga ogwira ntchito zachipatala, poyeza BP tizifunsako kuti, "Kodi mumagona bwanji?" Chakudza sichiimba ng'oma, koma matenda aŵa okha amaimba usiku uliwonse. Tiyeni tiŵamvere.